Mwana Amene Ankati Wadya Kale

Chikondi ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundinena kuti ndine mayi wa nkhawa, kuti foni ikangolira Lamlungu masana ndimayamba ndafunsa kuti wamwalira ndani. Sindikukana. Poti tsopano ndapuma ntchito ndipo manja ali pamiyendo, ndati ndikulembereni za ntchito yanga yodyetsa ana kusukulu, makamaka za chinthu chimodzi chimene ndinachita m'chaka cha mliri, chimene bambo anu akachikumbukira mpaka lero amapukusa mutu. Za ubwana wanga munazimva kale mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pa ntchito.

1983 mpaka 2005: Ntchisi ndi Kasungu

Ntchito yanga yoyamba inali ya uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Ntchisi. Ndinafika ndi sutikesi ya malata ndi mbaula, ndipo a hedi anandipatsa Sitandade 2. A hediwo anali a Kamwendo, bambo wamtali wosaseka, amene ankadula choko pakati ndi mpeni n'kukupatsa theka ngati akukupatsa nyama. Mabuku anali osowa, mabenchi kunalibe, malipiro ankabwera pamene afunira okha. Koma a Kamwendo anandiphunzitsa chinthu chimene ku koleji sanatiuze. Tsiku lina nthawi ya buleki anandiitana pakhonde la ofesi n'kuloza ana ndi chibwano. "Mayi, mwana wanjala musamufunse, akunamizani," anatero. "Muzingoyang'ana. Amene akuthamanga wadya. Amene watsamira khoma n'kumaonerera anzake, ameneyo ndiye wagona ndi njala." Kuyambira tsiku limenelo maso anga sanachokenso pa makoma a sukulu, ndipo mwina nkhawa yanga inayambira pomwepo.

Kenako ananditumiza ku Kasungu, komwe ndinakumana ndi njala ya 2002. Za njala imeneyo sindilemba zambiri, chifukwa ndikayamba sindigona. Itadutsa, pa sukulu yathu panayamba kuphikidwa phala m'mawa. Akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro ankafuna kudziwa kuti ana osauka alipo angati, ndipo njira yapafupi inali kuwerenga amene aima pa mzere wa phala. Vuto linali loti aliyense ankaima, ngakhale mwana wa mwini golosale, amene ankabweranso ndi kapu yaikulu kuposa onse. Pamene ana osaukitsitsa, masiku ambiri sankaoneka n'komwe, anali ku ganyu ndi makolo awo. Tinkaziseka m'chipinda cha aphunzitsi kuti pa pepala tonse ndife amphawi ofanana. Sindinkadziwa kuti kawerengedwe komweko ndidzakumana nako kutsidya kwa nyanja, katatembenuka.

2006 mpaka 2019: Perth

Bambo anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, tinasamuka nonse muli achichepere. Satifiketi yanga ya uphunzitsi inasanduka pepala wamba. Ndinayamba ndi kulongedza matimati ku msika wa ku Canning Vale, m'nyumba yozizira moti zala zinkachita dzanzi mpaka madzulo. Mu 2011 ndinapeza ntchito mu kantini ya sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Cannington, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma.

Mukudziwa kale kuti kuno kulibe phala la aliyense. Mwana amatenga chakudya kunyumba kapena amagula ku kantini. Koma sukulu yathu inali ndi kadzutsa waulere: tositi, mkaka, zipatso, nthawi zina nyemba za m'chitini. Mwana aliyense ankaloledwa, ndipo mayi mmodzi wodzipereka ankaima pakhomo n'kumachonga dzina la amene wadya. Motero ku ofesi ankadziwa ana ovutika m'njira ziwiri: ngati kholo lili ndi khadi la boma la anthu opeza zochepa, kapena ngati mwana amabwera pafupipafupi ku kadzutsa. Thandizo lililonse likabwera, kaya yunifolomu, kaya nsapato, linkatsata mayina amenewo.

A hedi athu anali Mayi Doyle, mzungu wamfupi woyenda ngati akuthamangira basi, wamtima wabwino koma wa malamulo. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti mwana usamukakamize kudya. Umufunse, akati ayi, ndi ayi. Ndipo sindinganene kuti ankalakwa, chifukwa ndinaonapo ndi maso anga mwana akutupa nkhope atalawa chiponde chimene mnzake anamupatsa. Panalinso ana osadya nkhumba, ena osamwa mkaka. Kufunsa kunali kuteteza moyo.

Koma kwathu mlendo safunsidwa ngati adya. Kumufunsa ndiye kuti ukumumana. Umangobwera ndi madzi osamba m'manja, mbale n'kutsatira. Ndipo mwana woleredwa bwino akafunsidwa pakhomo pa eni amayankha kuti wadya kale, ngakhale m'mimba mukulira. Ineyo ndinakulerani chimodzimodzi. Mwina simukumbuka tsiku limene aneba athu oyamba anatiitana, n'kutifunsa ngati tikufuna tiyi ndi keke. Ine ndi bambo anu tinati ayi zikomo, n'kumadikira kuti atikakamize. Anangoti chabwino, n'kudya keke yawo ife tikuonerera. Tinabwerera kunyumba bambo anu akung'ung'udza njira yonse.

Tadala anabwera pa sukulu yathu mu 2019, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali atangofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Bambo ake, a Chirwa, anabwera pa viza ya sukulu, ndipo akaweruka ankatsuka mbale pa lesitilanti ina ku Cannington. Amake ankakolopa maofesi ku Malaga, dera lina la kuno ku Perth. Tinkapemphera limodzi, moti makolowo ankanditcha mayi, mwanayo n'kumanditcha agogo tikakhala kunja kwa sukulu. Chifukwa amake ankalawirira ku ntchito, Tadala ankafika m'mamawa n'kukhala pa benchi pafupi ndi khomo la kantini, yunifolomu yosita bwino, nkhope ndi miyendo zili phuliphuli ndi mafuta. Ndinkamufunsa monga mwa lamulo, iye n'kuyankha mwaulemu, "No thank you, Miss. Ndadya kale." Nthawi imeneyo ndikhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa pa buleki ankathamanga kuposa anyamata.

Marichi 2020

Chakudza sichiimba ng'oma. Mliri tinkangoumva pa wailesi kuti uli kutali, kenako tsiku lina ndinalowa m'sitolo n'kupeza mashelefu a mpunga ndi ufa ali mbee. Bambo anu anali atapuma kale ntchito, matenda a shuga atawagwira, ndipo madokotala ankanena kuti anthu otere ndi amene mliriwu ukuwatenga msanga. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kusweka. Ndikabwera ku ntchito ndinkavulira zovala m'galaja, ndipo bambo anu akangotsokomola kamodzi ndinkasiya chilichonse n'kukawagwira pachipumi. Iwe Yamikani unkaimba tsiku ndi tsiku, "Mum, just quit, please," ngati kusiya ntchito ndi kuvula nsapato.

Malesitilanti anatsekedwa, maofesi nawonso. Boma linalengeza thandizo kwa amene ntchito zawathera, koma anthu a viza ya sukulu sanali m'gulumo. Ndinadziwa kuti kwa a Chirwa ntchito zonse ziwiri zapita, ngakhale iwo sananene kanthu. Ndipo sabata yomaliza ana asanauzidwe kuti azikhala kunyumba, ndinasuzumira pawindo la kantini nthawi ya buleki n'kumuona Tadala atatsamira khoma la laibulale, akuonerera anzake akudumpha chingwe. Mawu a a Kamwendo anandibwerera ngati anenedwa dzulo. M'mawa mwake ndinamufunsanso, ndipo anayankha chimodzimodzi, kuti wadya kale. Nkhope yake inkawala kuposa kale, chifukwa mayi wa kwathu zinthu zikavuta m'nyumba amawonjezera mafuta pa mwana kuti anthu asaone mbuu.

Epulo 2020

Mayi Doyle anakonza zoti pa tchuthi mabanja ovutika azilandira katoni ya chakudya sabata iliyonse. Makatoniwo tinkalongedza ife mu holo, titatalikirana, titavala magolovesi. Olandira anali a khadi la boma ndi ana a kadzutsa. Tadala sanali mbali iliyonse: viza ya makolo ake sinkalola khadi, ndipo tositi yathu anali asanailawepo. Mwa kawerengedwe ka sukulu, anali mwana wa pabanja lopeza bwino.

Ndinawatsatira Mayi Doyle mpaka ku galimoto yawo n'kuwafotokozera za Tadala. Anamvetsera bwino, sanandinyoze. Anati, m'Chizungu chawo chothamanga, ndiwaimbire foni makolowo, akavomera awalemba nthawi yomweyo. "Koma avomere okha," anatero. "Sindingatumize chakudya kwa munthu amene wakana. Nawonso ali ndi ulemu wawo."

Ndinaimba ndili m'stolo ya kantini. Tinapatsana moni wautali, tinafunsana za kumudzi, za mliri, za mapemphero a pa foni. Kenako ndinalifunsa funsolo, ndipo likutuluka m'kamwa ndinamva kuti ndatukwana.

"Amake Tadala, kusukulu kuno kukugawidwa zakudya. Kodi inu mungafune?"

Anaseka pang'ono. "Iii mayi, ife tili bwinobwino. Mulungu akutisunga. Apatseni ovutikawo."

"Mukunena zoona, mwanawe?"

"Zoonadi mayi. Zikomo potiganizira."

Ndinabwerera kwa Mayi Doyle n'kuwauza kuti akana, koma kukana kwa kwathu si kukana. Anandiyang'ana motopa, maso ali ofiira, chifukwa nawonso sankagona. Pomaliza anati pali katoni imodzi yotsala, nditha kuitenga, dzina salemba. Koma lamulo la onse opereka makatoni linali limodzi: siya pakhomo, gogoda, choka. Osalowa m'nyumba ya munthu zivute zitani. Ndinalonjeza.

A Chirwa ankakhala m'kanyumba ka pamwamba kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndinakwera masitepe ndi katoniyo, ndinaiika pansi, ndinagogoda, n'kutsika mothamanga ngati ndaba. Ndili m'galimoto ndinapumira m'mwamba, ndinadzithira sanitaiza mpaka m'zigongono, n'kudziuza kuti ndagwira ntchito ya Mulungu.

M'mawa mwake belu la pakhomo pathu linalira. Anali a Chirwa, atavala malaya oyera osita, katoni ija ili paphewa, tepi yake yosamatula. Anaitula pa udzu n'kubwerera m'mbuyo kuti titalikirane. Ndinaona kuti lamba wawo anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali.

"Mayi, mwaiwala katundu wanu pakhomo pathu," anatero.

"A Chirwa, si wanga. Ndi wa mwana."

"Mwana ali ndi bambo ake." Mawu awo sanakwere. "Sitinapemphe, mayi. Ndiponso mukudziwa za mapepala athu. Pobwera tinasayina kuti tidzadzisamalira tokha. Mawa tikamakapempha viza ina, adzaone kuti timadya za sukulu, tidzayankha chiyani?"

Ndinawauza kuti palibe chalembedwa, kuti a hedi alonjeza.

"Kuno chilichonse chimalembedwa," anatero. Anatembenuka kuti azipita, kenako anaima. "Koma chimene chawawa amake Tadala si chimenecho. Anakuonani pawindo mukuthawa. Akuti, kodi ife tili ndi khate?"

Ndinawaonerera akupita ku siteji ya basi, munthu amene wawononga ya basi ulendo wobwera ndi wobwerera kuti abweze chakudya chimene mwana wake akuchisowa.

Katoniyo inakhala m'galaja masiku angapo, ndipo ndikalowamo ndinkaizemba ndi maso. Chakudya chinaleka kutsika. Ndikanyamula supuni ndinkaona mwana atatsamira khoma. Ndinkadziwa bwino lomwe njira yake, chifukwa ndinakulira momwemo: kwathu chakudya sichisiyidwa pakhomo. Umapita ngati mlendo, umakhala pansi, umadya za eni nyumba, ndipo ukadya zawo sangakane zako. Koma zimenezo zinkatanthauza kulowa m'kanyumba kopanda mpweya, kwa anthu amene tsiku lililonse ankakwera mabasi kusaka ntchito, n'kudya ndi supuni yawo, kenako n'kubwera kudzagona pambali pa munthu wa shuga.

Ndinawauza bambo anu tikumwa tiyi masana. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amake Chikondi, ine ndagwira ntchito m'chipatala moyo wanga wonse. Ndaona momwe munthu amafera akasowa mpweya. Mukufuna mundibweretsere zimenezo chifukwa cha mwambo?"

"Si mwambo, ndi mwana."

"Atumizireni ndalama pa foni."

"Abweza. Mwawaona nokha."

"Nanga ntchito? Munalonjeza a hedi."

"Ndinalonjeza."

Anayang'ana mpanda. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndikudziwa," anatero. "Koma inenso ndine mwana wa munthu." Sanandiletse, sanandilolenso. Ndikufuna mudziwe, ana anga, kuti bambo anu sanalakwe kuopa, ndipo ine sindinapite chifukwa cholimba mtima. Ndinali ndi mantha kuposa iwo. Kungoti mantha a mbali inayo anakula kwambiri.

Loweruka masana ndinamatula katoni ija n'kusamutsira zonse m'chikwama changa cha kumsika, ndinawonjezera ufa wathu ndi mafuta ophikira, n'kuphimba ndi chitenje. Chikwamacho ndinachisiya m'buti ya galimoto, n'kukwera masitepe chimanjamanja.

"Odi kuno!"

Anatsegula amake Tadala. Anandiyang'ana m'manja kaye, kenako kumaso. "Iii, mayi! Lowani, lowani." Sitinagwirane chanza, tinangowomba m'manja motsitsa. Anandikhazika pa mpando wabwino, a Chirwa anakhala chapatali, ndipo tinayamba kucheza ngati palibe chinachitika. Mawindo anali otseka chifukwa kunja kunkazizira. Ndinkapuma pang'onopang'ono, ngati kupuma theka kungandipulumutse. Pakati pa nkhani a Chirwa anatsokomola kamodzi, ndipo ndinayang'ana mawindo otseka aja.

Amake Tadala anazemba kulowa kukhitchini osandifunsa kanthu. Kanyumbako kanali kakang'ono moti zonse zinkamveka. Ndinamva chitseko cha kabati chikutseguka n'kutsekeka, china chikutseguka n'kutsekeka, kenako firiji. Amene anakhalapo m'nyumba ya njala amadziwa kulira kwa kabati yopanda kanthu. Apa m'pamene ndinazindikira chimene sindinachiganize bwino pobwera: kuti ndiwapatse, ndinayenera kuyamba ndawadyera chomaliza chimene anali nacho.

Tadala anabwera ndi beseni ndi jagi, n'kugwada kundithira madzi. Timanja take tinali titaonda. Kenako amake anabweretsa mbale imodzi yokha: mpunga pang'ono, ndi dzira limodzi lokazinga pamwamba.

"Nanga inu?" ndinafunsa.

"Ife tadya kale, mayi," anayankha a Chirwa.

Ndadyapo zakudya zovuta pa moyo wanga, za pamaliro, za m'chaka cha njala, koma mbale imeneyo inaposa zonse. Ndinapemphera motalikitsa kuti misozi ibwerere. Ndisanalawe, ndinadula dziralo ndi supuni n'kukankhira mbali yaikulu kumphepete pamodzi ndi mpunga wambiri, kuti ndisakhudzeko. Kenako ndinadya. Supuni iliyonse ndinkaganiza za bambo anu, n'kuganizanso za mwana amene anakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa khoma kuti asaoneke ngati akusirira. Ndinayamikira kaphikidwe, ndinamwa madzi a m'kapu yawo, n'kunena kuti ndakhuta.

"Tadala, mama, tandichotsera mbaleyi. Agogo mano atha, wamva? Usataye."

Anayang'ana amake. Amake anagwedeza mutu. Analowa nayo kukhitchini, ndipo ife akuluakulu tinakweza mawu pa nkhani ya mvula ya kumudzi kuti tisamve kulira kwa supuni.

Potsanzika anandiperekeza onse atatu mpaka pa galimoto, monga timachitira. Ndinatsegula buti ngati ndangokumbukira. "Taonani ukalamba, ndinaiwala timphatso ta mdzukulu wanga. Mlendo sabwera chimanjamanja." Chitenje chinali chitasendera mbali, zitini za nyemba zokhala ndi chidindo cha sukulu zikuonekera. A Chirwa anazidziwa, sakanalephera, anali atazisenza okha paphewa. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti anene kuti mayi tsekani buti. Sitima inadutsa. Kenako amake Tadala anamugwira mwanayo paphewa.

"Iwe, ukungoyang'ana? Alandire agogo katundu, sukuona kuti akulemedwa?"

A Chirwa anagwira mbali ina ya chikwamacho. "Muyende bwino, mayi," anatero. "Mubwerenso."

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo anu atandiyalira kale kuchipinda chako chakale, Chikondi. Ndinakhala kumeneko masabata awiri. Pakhosi pakangoyabwa ndinkati basi wandipeza, ndipo ndinkamvetsera kupuma kwawo kudzera pa khoma. M'mawa uliwonse ankandiikira tiyi pakhomo, n'kugogoda, n'kuchoka. Tsiku lina ndinakuwa kuti kodi ndili ndi khate, ndipo ndinawamva akuseka koyamba chiyambire mliri. Matendawo sanatipeze, koma sindinena kuti ndinachita mwanzeru. Tinangopulumuka.

Lolemba lotsatira ulendo uja ndinawaimbira Mayi Doyle n'kuwauza zonse. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa: ndinaswa lonjezo, ndipo ndikanatenga matendawo holo yonse yolongedza ikanatsekedwa, mabanja ena n'kusowa chakudya. Anandiletsa kubwera ku ntchito masabata awiriwo, ndipo kalata yochenjeza ndili nayo mpaka lero, yokhayo m'zaka zanga zonse za ntchito. Atamaliza kundidzudzula anafunsa ngati tsopano awalembe a Chirwa. Ndinati ayi, anakana, ndipo akukanabe. Anapumira m'mwamba. Anati ndiye kuti sangawawerenge, koma katoni yotsala izipezeka sabata iliyonse, ndipo iwe Yamikani ndiwe amene unkakaitenga pa geti la sukulu n'kundibweretsera, osadziwa kuti ikupita kuti. Malamulo a kuyenderana atafewa ndinkapita nazo ndekha kwa a Chirwa, ndipo ulendo uliwonse ndinkadya.

Meyi 2020

Ana atabwerera kusukulu, kadzutsa anayambanso. Chaka chimenecho, ndi zaka zotsatira mpaka ndinapuma, chiwerengero cha ana ovutika chinkatumizidwa kumene chinkatumizidwa, ndipo Tadala sanalowemo ngakhale kamodzi. Ndinkadzifunsa kuti pa mabenchi a masukulu ena pali ana angati owala nkhope amene amati adya kale. Funso limenelo likundisowetsabe tulo.

M'mawa woyamba uja kunkazizira, kukuwaza kamvula. Ndinamupeza pa benchi pake, yunifolomu yosita, mafuta ali phuliphuli. Ntchito kwa makolo ake zinali zisanabwerere. Mayi wochonga mayina anali pakhomo ndi pepala lake, ndipo Mayi Doyle anaima chapafupi, akuonetsetsa kuti ana akutalikirana pa mzere. Ndinali ndi kalata yochenjeza kale m'chikwama, ndipo ndinkadziwa kuti yachiwiri ingathe kundichotsa ntchito. Ndikamufunsa, ndinkadziwa yankho. Ndikapanda kumufunsa, ndaswa lamulo a hedi akuona.

Ndinapaka tositi ziwiri majarini, zomwe ndinali nditamuona akudya kwawo popanda vuto, ndinathira mkaka m'kapu, n'kutuluka nazo. Ndinaziika pa benchi pambali pake.

"Kasambe m'manja, mama," ndinatero, osamuyang'ana.

Mayi wa pepala uja anakweza cholembera n'kufunsa a hedi ngati amuchonge. Mayi Doyle anayang'ana mbaleyo, anayang'ana mwanayo, kenako ine. Kenako anati mwanayo sanapemphe kanthu, palibe chochonga, ndipo anatembenuka kukakalipira anyamata awiri amene ankakankhana pa mzere.

Ndinalowa m'kantini n'kuima pa sinki, nsana uli kukhomo, ndikutsuka kapu yoyera kale. Ndinamva mpopi wa panja ukutseguka n'kutsekeka. Ndinamva benchi ikulira. Panapita kanthawi kopanda phokoso lililonse, ine ndikuopa kumva timapazi tikubwera kudzabweza mbale. Kenako kumbuyo kwanga kunamveka kukhukhuta kwa tositi, pang'onopang'ono, ngati munthu akuopa kumveka. Sindinacheuke.